Mikanda Yanga Ikakhala Pakhoma

Hyattsville, Maryland
14 Okutobala 2024

Banja langa likhoza kutha Loweruka likubwerali. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musaike kalatayi pambali n'kumati muwerenga mukaweruka.

Okondedwa achemwali Alinaswe,

Ndikhulupirira muli bwino ku Indiana kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife tilipo. Rejoice wayamba kuyenda chogwira mipando, timano tam'munsi tatuluka. Ndalemba papepala chifukwa pafoni mawu angandithawe. Ndikamaliza nditumiza chithunzi cha pepalali pa foni ya mnzanga, poti yangayi bambo a Rejoice amaigwira nthawi ina iliyonse.

Mnzangayo ndi Malama, mtsikana wa ku Lusaka amene amakhala pamwamba pathu. Tinadziwana kochapira zovala. Amagwira ntchito m'sitolo ku Falls Church, koma mtima wake uli pa zojambula. Amakhoma nsalu yaikulu pa timatabwa n'kumajambulapo ndi penti. Sajambula maluwa kapena nyumba ayi. Amajambula azimayi, osavala. Musafulumire kukwiya achemwali, inenso tsiku loyamba kulowa kwake ndinasowa koyang'ana. Khoma lonse azimayi: wina wamimba, wina wachikulire mabere atagwa, wina wonenepa akupesa tsitsi. Koma palibe amene ankaoneka wamanyazi. Onse anangokhala phee ngati ali kubafa kwawo.

Mukudziwa mmene ndinalili nditabereka. Opareshoni ija inandisiyira chipsera, mimba n'kutsala yolendewera, mizere ponseponse. Ndinkavala nditafulatira galasi. Bambo a Rejoice sananenepo choipa, komanso chabwino sananene.

Tsiku lina tikupinda zovala Malama anati, "Iwe Nellie, nifuna nikupente." Ine kuseka. Ndinati, "Undipente ngati khoma, kapena milomo?" Iye anati, "Awe, thupi yako mwamene ilili. Iyi mimba inasebenza, ubisa chani?" Mawu amenewo, akuti mimbayi inagwira ntchito, anandikhala mumtima sabata yonse.

Sindinapite mwakuba. Ndinapempha. Bambo a Rejoice akumanga nsapato kupita kushifiti ndinati, "Malama akufuna kundijambula." Iwo anati, "Jambulitsani mayi. Muvale diresi yabuluu ija, china titumize kumudzi." Pomwepo ndinadziwa kuti iwo amva za kamera. Koma nanga si mawu ake ndi amodzi omwewo? Wa kamera amajambula, wa penti amajambulanso. Sindinaname achemwali. Kungoti sindinawakonze.

Ndinkakwera kwa Malama masana, mwana akagona. Ankayatsa hita, n'kundikhazika pampando pafupi ndi zenera, nkhope nditayang'ana kunja. Chitenje ndinkachiika pamiyendo, kwinaku mbee. Anayamba ndi khala kulemba mizere, kenako penti. Ndinadabwa kuona kuti pofuna khungu langa akusakaniza wofiira, wabuluu ndi wachikasu. Ndinati, "Ine ndine wakuda, zonsezo n'zachiyani?" Anati ndiyang'ane mkono wanga padzuwa. Ndinayang'ana, ndipo zinalipodi. Ndinamupempha kuti mimba aichepetseko pang'ono. Anangoti, "Ukafuna boza yenda ku foni."

Tsono vuto ndi ili. Holo ina yaing'ono ku Arlington yavomera kuonetsa zithunzi zake Loweruka, koyamba chiyambire, ndipo changa chili m'gulu lomwelo. Malama posangalala analowetsa kakhadi koitanira pansi pa chitseko chathu, ndipo anakatola ndi bambo a Rejoice. Dzulo titatuluka m'tchalitchi anaima pakhomo n'kumauza aliyense kuti, "Mayi a kunyumba ali pakhoma ku Arlington, tiyeni mukaone!" Amayi abusa ati apita. Azimayi a kwaya agwirizana zokwera galimoto imodzi. Mwamuna wanga wagula ndi tayi yemwe. Chikwatiranireni sindinawaonepo akundinyadira chotere, ndipo n'chimene chikundiwawa kwambiri.

Mwina muti, poti nkhope sikuoneka, ndingonena kuti changa sanachipachike. A kutchalitchi akhoza kukhulupirira. Koma m'chiuno muli mikanda. Ndi ija munandimanga inu tsiku la chilangizo, mukundiuza kuti iyi amaona ndi mwamuna wako yekha, ngakhale mnzako wa pamtima asaione. Ndili ndi pakati ulusi wake unaduka, mikanda n'kumwazika pansi. Bambo a Rejoice anagwada kuitola, anaitunga okha, ndipo anasokoneza: pakati pa yoyera anaikapo umodzi wachikasu. Tinaseka tsiku limenelo. Malama wajambula momwemo, wachikasuwo uli pamalo pake. Akangoima patsogolo pa chithunzicho adziwa, amayi abusa ali pambali pawo.

Lero m'mawa ndinakwera kukamuuza Malama. Anagwira pakamwa. Iye ankaganiza kuti kunyumba zonse zikudziwika. Anati, "Osadandaula, nizafuta mikanda manje manje, olo sitizaipachika." Anatenga ndi burashi. Achemwali, ndinamugwira dzanja. Ichi sindinauzepo munthu: sindikufuna kuti afufute. Tsiku limene anamaliza n'kunditembenuzira nsaluyo, ndinaona mayi wokhala mwaufulu, msana wowongoka, chipsera chili poyera koma osapepesa kwa aliyense. Ndinafunsa mumtima kuti kodi ameneyu ndine? Chimene chinandiyankha ndi mikandayo. Akaifufuta atsala mayi wina wake, ine ndibwerera kofulatira galasi.

Ndiye ndatsimikiza zowauza ndekha lisanafike Loweruka. Koma alamu anuwa, a Fryson, mukuwadziwa. Samenya, sakalipa. Akachita manyazi amangoyamba kulongedza katundu. Akaimbira amalume awo kumudzi nkhani isanapole, basi kwatha, ndipo mapepala anga okhalira kuno ali m'dzina lawo. Rejoice anabadwira kuno. Ndikaganiza zokwera ndege manja ali lende, mwana atatsala, ndimakamunyamula ngakhale ali mtulo.

Nkhani ngati iyi sakamba anthu awiri okha. Ankhoswe athu ali kutali, ndipo ndingayambe bwanji kuwafotokozera amalume za mikanda pafoni? Kuno wamkulu wanga ndinu. Inu amakumverani, mukalowa m'nyumba amazimitsa ndi mpira womwe pa TV. Mukafika yambani mwandikalipira ine, ndigwada, ndalakwa posawakonza tsiku lija. Kenako tikwere kwa Malama mukachione ndi maso anu nsaluyo isanapite ku Arlington Lachisanu. Mukachiona n'kunena kuti n'chonyansa, ndimvera inu, afufute. Koma mukaona chimene ndinaona ine, mudzakhale pambali panga ndikamawauza. Mwina nawonso, atachiona muno m'nyumba popanda anthu, akhoza kukhala pansi n'kuyang'ana bwinobwino. Sindikudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwapepese kuti ndikuwalanda mkazi pakati pa sabata. Moni kwa ana anu Sean ndi Nicole, muwauze kuti mng'ono wawo akuyenda. Amayi akaimba muwauze zomwezo za kuyenda kwa mwana, zinazi ayi, mtima wawo mukuudziwa. Bambo a Rejoice akanadziwa kuti ndikulemba akanati ndikupatseni moni, ndiye landirani wawonso, poti mpaka lero akadali alamu anu.

Pemphani tchuthi kuntchito, nenani kuti kwagwa zamwadzidzidzi, simunama. Musadikire Lachisanu. Kwerani basi ya mawa, mukandipeza ndikukudikirani pa siteshoni mwana ali kumsana. Chonde achemwali, bwerani.

Ndine mng'ono wanu,
Nellie