Jubeki ndi Tivi ya Bambo

Lolemba, 12 Juni 2023

Lero galu wandichititsa manyazi. Ndimawafotokozera bambo aang'ono a Goliati, ndi mawu anga aja a m'kalasi, kuti galu saona kanthu pa tivi, iye dziko amalidziwa ndi mphuno. Ndisanamalize, mlongo wanga Zione waika pa tivi fulashi ya kanema wa ukwati wake wa ku Nzama. Malemu bambo atulukira pagalasi, suti yotuwa ija, akutsokomola asanayambe kulankhula. Chifuwa chawo cha kumigodi. Jubeki, galu wawo, amene chiikireni maliro wangogona pansi pa nkhokwe osadya, walowa m'nyumba ngati waitanidwa.

A Goliati: "Pitirizani, aphunzitsi, tikumva."



Lachiwiri, 13 Juni

Apamaliro onse anabalalika, atsala a Goliati okha. Akuti akudikira kugawa katundu Loweruka. Tivi amaiyang'ana ngakhale ili yozima.

Ndaikanso fulashi. Jubeki wanunkhiza galasi, wazungulira kumbuyo, wapezako mawaya ndi fumbi. Kenako wandiyang'ana ngati ndine ndawabisa. Nthiti zake zikuwerengeka.

Lachinayi, 15 Juni

Nzeru za kukoleji zija. Ndaganiza: Jubeki mawu akumva, nkhope mwina akuiona, chikusowa ndi fungo. Ndatenga jekete la bambo la kudimba, ndaliyala pansi pa tebulo la tivi, mbale ya mkute pambali. Bambo atatsokomola, wagona pajekete. Wadya. Ine ndatuluka, ati kukaona sola ya magetsi.

Zione akuti ndikunamiza nyama. Ndati nanga iwe, ukamabwerezabwereza pamene bambo akuseka paja, ukunamiza ndani?

Lachisanu, 16 Juni

Mitambo, chisanu, batire yatha masana. Galu wakhala maola atatu akudikira pa galasi lakuda. A Goliati atati apukute fumbi pa tivi, wawaonetsa mano. Akuti kwawo ku Manjawira galu wocheza ndi akufa salowa m'nyumba. Ndafuna kunena kuti ndi makutu ndi mphuno chabe, koma ndakumbukira za Lolemba.

Loweruka, 17 Juni

Agawa. Ine njinga, Zione makasu ndi mbuzi. Tivi ndi zovala kwa a Goliati, monga mng'ono wa malemu. Ndapempha jekete lokha. Akuluakulu a banja ati chovala cha malemu sichingasanduke chogonera galu, anthu amva bwanji. Ndafotokoza kuti popanda zimenezi sadya, ndipo akapanda kudya afa. Andimvetsera mwaulemu, momwe amamvetserera woledzera pamaliro.

Lamulungu, 18 Juni

A Goliati sanapite. Akuti tsiku la Mulungu sayenda ndi katundu. Ukwati ndauonetsa kanayi. Jubeki wadya kawiri.

Lolemba, 19 Juni

Njinga yamoto yafika cha m'ma naini. Tivi aikulunga m'jekete lomwe lija kuti isasweke, amanga ndi mphira. Jubeki ndinamumangirira kumtengo wa pichesi.

Potsanzika a Goliati andigwira dzanja nthawi yaitali. Kani dzulo anapempha Zione awakopere ukwati uja pa fulashi ina. "Mwana wanga, usandiyese wadyera. Tinagona chipinda chimodzi kumgodi zaka zisanu ndi ziwiri. Inenso ndikufuna ndizimumva mkulu wanga akutsokomola." Sabata yonse ndinali nditawakonzera mawu ena.

Njinga itangolowa mumsewu, chingwe chaduka. Ndaitana, ndaimba mluzu, sanacheuke. Ndamuona komaliza pa mlatho, ali m'fumbi la njinga, mphuno kutsogolo. Ku Manjawira n'kutali kwa galu amene wadya masiku anayi okha.

Ndawaimbira a Goliati kuti aime. Kasanu tsopano. Foni ikungoitana.