Dzanja Lamanja la Achimwene

Lolemba, 3 Juni
Gemu yafika. Ija achimwene akhala akuidikira zaka ndi zaka, kuyambira asanadwale sitiroko. Bokosi lokongola, m'kati kachimbale kamodzi basi. Mtengo wake sindilemba, ndingadzawerenge n'kudwala nanenso.

Nkhani ndi dzanja. Mayi wa mafizo, wowalimbitsa ziwalo kuchipatala, ananena mosapsatira: lamanja likapanda kugwira ntchito miyezi inoyi, liumiratu. Kampira kofinya kamene mayiyo anawapatsa achimwene anakaponya kuseri kwa kabati. Akuti iwo si mwana. Koma padi, ya mabatani osewerera gemu ija, sangaikane. Ndi iwo anandiphunzitsa kusewera, ine ndili ndi kabudula wong'ambika kumbuyo.

Ndalowetsa chimbale. Akuti tidawunilode kaye zina. Ndiye pachimbalepo aikapo chiyani, moni?

Lachiwiri, 4 Juni
Ikudawunilodabe. Bandulo yatha, ndagula ina. Ku babashopu ndameta anthu mtima uli pa kamzere kobiriwira ka dawunilodi kaja. Bambo wina ndinatsala pang'ono kuwachotsa nsidze.

Kale unkangouzira kaseti, kulowetsa, gemu yayamba. Lero makina akufuna imelo, pasiwedi, tsiku lobadwa. Chatsala n'kufunsa dzina la amalume.

Alamu, akazi a achimwene, akuti ndikutaya ndalama. Sananame, koma sindinavomere.

Lachinayi, 6 Juni
Yatseguka. Kukongola kokha, eee. Thukuta la msilikali kuoneka, udzu kugwedezeka umodziumodzi. Ndiye kulongolola kwake! Anthu a m'gemumo ngati msonkhano wa makolo kusukulu, ife padi m'manja, kudikira kuti amalize. Achimwene mpaka anawodzera. Kenako sitolo: tigule chipewa cha msilikali, ndi ndalama zenizeni. Chipewa. Gemu ndagula kale ine.

Pofika posewera penipeni: gwira batani ili, kanikiza linalo, chala chachikulu chizizungulira, zonse nthawi imodzi. Ine wa manja abwinobwino ndimasokonezeka. Achimwene ankangofera pa mlatho woyamba, kufera pomwepo, kuferanso. Padi inaterereka n'kugwa pansi. Sanaitole, ndipo sanandilole kuitola.

Loweruka, 8 Juni
Tsiku la anthu ambiri, msana ukuwawa. Mashini ometera ayamba kutentha m'manja, akufunika atsopano. Adikire kaye.

Nditaweruka ndinatulutsa makina athu akale m'katoni. Anayaka ndi fumbi lawo lomwe, osafunsa imelo. Kanyimbo kake koyambira kaja kanalira. Koma magemu akale alibe chisoni, liwiro lokhalokha. Achimwene anangoyang'ana n'kunena kuti ndizimitse. Gemu imene ankaimaliza osafa ngakhale kamodzi, anyamata a mumsewu mwathu atadzaza pazenera. Sindinaganize. Chitsiru ine.

Lamulungu, 9 Juni
Ndachita chinthu. Tabwerera ku gemu yaikulu ija, koma padi yawo sindinailumikize. Yeniyeni inali ndi ine, pamiyendo, pansi pa pilo, ndili kumbuyo kwawo pa mpando wodyera. Msilikali anawoloka mlatho. Anagwetsa chimphona cha kutsidyako. Zala za achimwene zikuyenda pa padi yakufa, zikuyenda ndithu, chala chachikulu chinapinda ndikuona ndi maso angawa. Alamu chilili pakhomo la khitchini, mbale m'manja, misozi ili chuchuchu. Iwo sakudziwa.

Mafizo ndi mafizo basi, kaya padi ndi yamoyo kaya ndi yakufa. Ndikudziuza choncho.

Lachitatu, 12 Juni
Apudeti ina, kudawunilodanso. Kenako akuti seva yagwa. Gemu ya munthu mmodzi, pabalaza pathu, chimbale chathu, koma popanda chilolezo cha anthu a kutali siyaka. Tinakhala duu kuyang'ana kabwalo kakuzungulira. Itayaka tinapitiriza bodza lathu. Langa.

Lachinayi, 13 Juni
Andigwira. Nkhondo ili pakati achimwene anaika padi patebulo n'kukhala phee. Msilikali akuthamangabe, kuwombera, kudumpha. Ine maso pa sikirini, osadziwa kanthu, mpaka alamu anati, “Alamu, taonani kuno.”

Achimwene anadziwa kuyambira Lamulungu. Akuti, “Nzeru ya padi yakufayo ndinayamba ndine, ndinkakupusitsa nayo uli ndi mamina. Koma iwe unali mwana.” Basi, anadzikoka kulowa kuchipinda. Chidwalire sanayankhulepo mawu ambiri chonchi, ndipo mawu ake ndi amenewa.

Manyazi. Mkwiyonso, kaya ndikwiyire ndani. Anthu mazanamazana anapanga gemu imeneyi, anali ndi nthawi yojambula thukuta ndi udzu. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza za munthu wa dzanja limodzi ndi theka. Koma pilo uja sanandipatse ndi iwo.

Lachiwiri, 18 Juni
Sakundiyankhula. Akudyera kuchipinda. Dzulo ku mafizo anakana kupita, alamu anachita kuimba foni kupepesa. Dzanja lili pachifuwa, zala zapindikira m'kati. Ndimafuna kukonza, ndawonjezera.

Wamagalasi, kasitomala wanga wokonda magemu, anabwera kudzameta ndevu. Ndinamuuza zonse, thovu lili kumaso kuti asandidule mawu. Akuti makampani akuluakulu amaopa kuluza, ndiye amangotenthetsa chakudya chadzulo n'kusintha mbale. Akuti ndiyese timagemu ta anthu awiri atatu opangira kuchipinda kwawo. Ananditchulira kena ka mbusa wowolotsa nkhosa pa msewu wa malole. Mabatani awiri okha, ndipo lole siibwera mpaka iwe utasuntha. Ndinaseka. Nkhosa zake za makonamakona ngati njerwa.

Ndakagulabe, mtengo wa kumeta mitu iwiri. Kanatha kudawuniloda madzi a tiyi asanawire. Gemu yaikulu ndaifufuta, ndipo mtima sunandipweteke monga ndimaganizira. Padi ndaisiya patebulo, yolumikiza, kagetsi kake kakuyaka. Ina ndaipereka kwa alamu asunge.

Lachinayi, 20 Juni
Padi ili pomwe ndinaisiya. Ndaitchaja.

Loweruka, 22 Juni
Magetsi anathima kushopu, ndabwerako masana. Ndili pakhonde ndikumva nkhosa zikulira, hutala wa lole, nkhosa zikuliranso. Alamu anandinong'oneza kuti achimwene ayamba atangomwa mankhwala a m'mawa.

Ndinalowa mwakachetechete ngati wakuba. Padi ili pabondo, akukanikiza ndi lamanja, lonjenjemera, nthawi zina kuphonya batani. Munthu amene anali dalaivala zaka zonse asanadwale, nkhosa akuziperekera yekha ku matayala. Zinatha zonse. Anayambiranso.

Sanandiyang'ane. Anangoti, “Khala apo. Manja ako patebulo, ndiziwaona.”

Ndinakhala. Ndikuona lole ikubwera, ndikudziwa batani lake, zala zikundiyabwa, pakamwa ndatseka. Sindinadziwe kuti kuonerera munthu akuluza n'kovuta chonchi. Thukuta linali mbwee pamphumi pawo, lenileni.

Yawoloka imodzi. Imodzi yokha, yotsimphina. Alamu anakuwa kukhitchini. Ine sindinawombe m'manja, manja anali patebulo.