Msewu Wathu Si Wofiira

Lachiwiri, 6 Ogasiti 2024

Ine Nedson Kalimbuka, wogwira ntchito yosesa ndi kukolopa m'chipatala, wokhala ku Dennistoun mu mzinda wa Glasgow, ndikulemba izi kuti zisungike bwino. Lero m'mawa zotsatira za mayeso a mwana wanga Tisunge zafika pa foni. Ma A atatu, ma B awiri. Mayi ake, a Sabina, analulutira m'khitchini kufikira mzungu wa pamwamba pathu anamenyetsa phazi pansi. Ine ndinalowa kuchipinda kukathokoza Mulungu. Mwini wake osaseka. Anangoti, m'Chingerezi chake chothamanga cha kuno, "Dadi, sizikukwana."

Ndinafunsa kuti wakhala nambala chani m'kalasi. Akuti kuno saika ana pa manambala. Nanga wopambana amadziwika bwanji? Kwathu mwana wotere akanamuitana kutsogolo tsiku lotsekera, sukulu yonse ikuomba m'manja.

Cholinga cha mwanayu ndi udokotala. China sanatchulepo chiyambire.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Mutu: kukumana ndi mphunzitsi wolangiza ana. Ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku. Ndinavala suti ya kutchalitchi ndi tayi, nsapato ndinapolisha, popeza munthu salowa mu ofesi ngati wosowa kwawo.

Mayiyo anatilandira mwaulemu. Anati kalasi ya sayansi Tisunge amaitsogolera, palibe wokana. Koma udokotala umafuna pafupifupi ma A okhaokha olembedwa chaka chimodzi, ndipo kubwereza sikuthandiza kwenikweni. Kenaka anati pali khomo lina, limene boma linalamula kuti mayunivesite atsegulire ana ochokera m'mavuto. Kwa oterewo magiredi a Tisunge ndi okwanira.

Anayamba kufunsa. Kodi mwana anakhalapo m'manja mwa boma? Ayi. Kodi ndinu othawa nkhondo? Ayi, mapepala athu ndi okhazikika. Kodi amadya chakudya chaulere kusukulu? Apa ndinakhala tsonga. Ndinati mwana wanga sanapemphepo chakudya, tonse awiri timagwira ntchito, pakhomo panga sasowa kanthu. Ndinayankhula mokweza ndithu. Tisunge anandiponda phazi pansi pa tebulo. Sindinamvetse.

Pomaliza anapempha positikodi yathu, nambala yosonyeza dera limene tikukhala, natembenuza kompyuta kuti ndione. Mapu a mzinda, ogawidwa timagawo timagawo. Tofiira ndi ta anthu osauka, ana ake ndiwo amalowera khomo lija. Msewu wathu wotuwa.

Tinabwerera pa basi. Tayi ndinavula ndi kuika m'thumba.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndayenda wapansi kukaona pamene payambira pofiira. Ndi pafupi. Ukadutsa mlatho wa njanji, pa sitolo ya tchipisi, basi wafika. Nyumba zake zofanana ndi yathu, miyala yomweyo, mabini omwewo, mvula yomweyo. Ndinaimapo kanthawi ndithu. Mayi wina wokankha mwana anandifunsa ngati ndasochera.

Zidziwike kuti ife tinali ofiira. Zaka zonse zimene tinakhala m'nyumba ya khonsolo kufupi ndi Sighthill tinali ofiira kwambiri, osadziwa kuti ndi chuma. Makoma akuda ndi nkhungu, a Sabina chifuwa chosatha, Tisunge akuwerenga atavala jekete. Ndinagwira Loweruka ndi Lamulungu mosapuma kuti tichokeko. Tsiku losamuka tinapemphera pabalaza lopanda mipando. Lendi ya kuno imatipsinja mwezi ndi mwezi, koma ndinkati bola mwana ali pouma.

Ndikanawasiya m'nkhungu momwemo, lero mwanayu akanatengedwa ku yunivesite.

Lamulungu, 1 Seputembala

Kutchalitchi analengeza za ana amene akhoza mayeso. Atafika pa Tisunge amayi a chigwirizano anafuula, "Dokotala wathu uyo!" Iye anaweramitsa mutu. Ine ndinaomba nawo m'manja, pakuti kuleka kukanaoneka.

Titaweruka ndinafotokozera mkulu wa mpingo, a Goodson. Anaseka mopanda chimwemwe. Anati, "Bambo Kalimbuka, kota ija mwaithawa kumudzi yakupezani kuno." Ndi zoona. Kwathu malo a ku yunivesite ankagawa potengera boma limene munthu akuchokera. Msuweni wanga Reuben analembetsa boma la amayi ake, napita kukakhala kwa amalume ake chaka chimodzi. Lero ndi munthu wa ofesi. Palibe anati waba. Mwana kutumizidwa kwa achibale chifukwa cha sukulu ndi zimene tonse tinakulira. Ine ndinalekeza Sitandade 6 chifukwa chosowa wonditenga.

A Kettie, namwino wa kwathu ku Ntcheu amene amakhala ku Gorbals, ankamvetsera. Anafufuza pa foni pomwepo. Kwawo ndi kofiira. Anati, "Mwanayo abwere, achimwene, bedi ilipo. Koma kwanga kulibe wantchito, mbale azitsuka, udokotala wakewo akayambire pa sinki."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire zotsatira ndadya ndi kukhuta.

Lamulungu, 8 Seputembala

Tamuperekeza. Sutikesi imodzi, mabuku m'majumbo, bulangete lake lobiriwira. Mwini wake sanafune. Anati, "Dadi, kuno si ku Ntcheu, amafufuza." Ndinamulangiza monga kholo kuti azimvera a anti ake, asamachedwe panja, azidzuka msanga poti sukulu yatalikira.

A Sabina alowa m'chipinda chake kawiri popanda chochita.

Lachinayi, 19 Seputembala

Zakanika.

Mphunzitsi uja wandiitana. Suti sindinavale. Wafotokoza pang'onopang'ono kuti ndimve. Kugona kwa anti sikusintha kwawo kwa mwana. Kwawo ndi kumene kuli makolo omusamala, ndipo sukulu ikudziwa kuti ndi ku Dennistoun. Akalemba Gorbals n'kudziwika, malo amalandidwa ngakhale atayamba kale maphunziro.

Kenaka anatsitsa mawu. Anati anadabwa kumva kuti mwana wachoka pakhomo, ndiye lamulo limamukakamiza kufunsa. Kodi mwamuthamangitsa? Kodi mwakangana? Ndinati ayi, timamukonda. Anati chabwino, pakuti akanakhala mwana amene makolo anamutaya, osayankhulana naye, osamuthandiza, nkhani ikanakhala ina. Oterewo ali ndi njira yawo ngakhale positikodi isakhale yofiira. Ndinafunsa kuti kutayako kumatsimikizika bwanji. Anati kumafunika nthawi, mwina chaka, ndi umboni wa munthu waudindo monga mphunzitsi kapena wa mpingo, ndipo ngakhale apo malo salonjezedwa. Anawonjeza kuti alipo maphunziro ena abwino, unamwino, za mankhwala. Anandipatsa kabuku kokongola. Kali pa filiji.

Chimene ndamva ine ndi ichi. Mwanayu cholepheretsa chake ndine.

Lamulungu, 29 Seputembala

Ndinadikira a Goodson pa khomo la holo. Ndinapempha mwaulemu wonse kuti alembe umboni wakuti ine ndi Tisunge tinasiyana. Anavula magalasi. Anati, "Mukufuna ndilembe bodza pa pepala la mpingo, inu amene mumayenda ndi mbale ya chopereka? Mwana munabwera naye sabata yatha, munakhala benchi imodzi."

Ndinati nanga zikanakhala zoona? Anati zoona amalemba, koma Mulungu asalole. Anandigwira phewa, nati ndikapume, maso anga afiira.

Sindikuwadandaula. Bodza nanenso sindimalifuna. Chibadwire sindinasainepo chinthu chabodza.

Lachitatu, 2 Okotobala

Nditalingalira mofatsa, ndatsimikiza motere. Chaka chino chapita. Mwana akhale kwa a Kettie. Ine ndisamuimbire, ndisamuyankhe, ndisamutumizire kanthu, kufikira chaka chitakwana. Tchalitchi ndisintha, ndizipita kwa azungu kuseri kuno. Chaka chamawa a Goodson adzalemba zimene aona ndi maso awo, ndipo sikudzakhala bodza.

Ndinapita ku Gorbals kukamudziwitsa pamaso, kuti asadabwe. Anayamba waseka. Ataona kuti sindikuseka anaimirira. Anati, "Ndipanga unesi ngati anti, basi! Ndani wakuuzani kuti ndikufuna zimenezi?" Ndinati unamwino ndi wabwino, koma iwe unati udokotala. Anati, "Ndinali ndi zaka seveni, Dadi." Koma akunama. Kumayambiriro a chaka chino ndinamupeza akulirira mayeso a kemisitiri.

A Kettie anati, "Achimwene, mutu uli bwino? Kapena mankhwala okolopera aja akulowani?" Ndinatembenukira kwa Tisunge. Kiyi wa nyumba ndinapempha. Mwana anamuponya pa tebulo.

Kunyumba a Sabina anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati, "Bambo a Tisunge, inu tayani wanu. Wanga ine ndinamubereka ndekha, ndipo Loweruka ndikupita kukamuona." Ndawauza kuti akatero zonse ziwonongeka, pakuti lamulo likuti makolo. Agona m'chipinda cha mwana.

Lachitatu, 9 Okotobala

Foni yalira ndili pa wodi ya chisanu. Dzina la Tisunge pa galasi. Ndinaiyang'ana kufikira inaleka. Yaliranso pa nthawi ya tiyi. Mauthenga sinditsegula, poti akatsegulidwa amaonetsa.

Masana kunadutsa ophunzira udokotala, gulu, akutsatira dokotala wamkulu. Mmodzi mtsikana wakuda, tsitsi lomanga ngati la Tisunge. Anaponda pamene ndinali nditangokolopa, natembenuka kupepesa. Ndinati palibe kanthu, mwanangu. Ndinakalowa m'chipinda cha ndowa ndi kutseka chitseko.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Lero ndilo tsiku lotseka kulembetsa udokotala. Ladutsa ngati tsiku lina lililonse. Mvula, mphepo, basi yochedwa.

A Sabina anapitadi Loweruka. Sanandibisire. Akuti mwana waonda, sakuwerenga, kusukulu wayamba kujomba. Akuti a Kettie atopa, anena kuti nyumba yawo si ndende. Ndinapempha kuti asandiuze zambiri. Anati, "Ndikuuzani, muzimva. Mukufuna dokotala kapena mukufuna mwana?" Ndinati ndikufuna mwana asadzagwire mopu. Anati iwo amapukuta nkhalamba za eni tsiku ndi tsiku ndipo sanafe.

Mwina zonsezi n'zachabe. Ngati amayi ake akumuona, umboni sudzalembedwa. Ngati ulembedwa, mphunzitsi uja akudziwa mmene zinayambira. Ngati aulandira, malo salonjezedwa. Ndawerenga zimenezi m'mutu mobwerezabwereza, ndipo paliponse pakutuluka ayi. Koma ndikaleka, ndiye kuti palibe chimene ndachita.

Lamulungu, 20 Okotobala

Ndapemphera kwa azungu. Nyimbo zosadziwika, anthu ochepa, tiyi ndi bisiketi. Palibe anandifunsa za mwana.

A Sabina ali ku shifiti ya masana. Ndakhala pa tebulo kukonzeratu mawu amene ndidzapereke kwa a Goodson, kuti tsiku loyambira lisadzaiwalike. Ndiyamba ndalemba muno, ndidzakopera pa pepala loyera.

Kwa amene zikuwakhudza. Ine Nedson Kalimbuka, ndili ndi nzeru zanga zonse ndipo popanda wondikakamiza, ndikutsimikiza kuti kuyambira pa 2 Okotobala 2024 palibe kuyankhulana kapena thandizo lililonse pakati pa ine ndi Tisunge Kalimbuka, amene anali

Mawu akuti anali ndawayang'ana nthawi yaitali. Ena oyenera sindikuwapeza.

Wina wakwera masitepe. Mapazi ndawadziwa. Wokhala m'nyumba ya pansi pathu ayenera kuti wamutsegulira chitseko cha kumsewu. Sanagogode. Wakankha kachitseko ka makalata, ndipo ndamva mawu ake, m'Chichewa.

"Odi kuno."

Sanati Dadi. Wati odi, monga amachitira mlendo wodutsa. Chibadwire sananenepo odi pakhomo panga, ankangolowa ndi kuponya chikwama pansi. Sindikudziwa amene wamuphunzitsa.

Wanenanso. Ndi kachiwiri.

Kwathu munthu akaodira kachitatu osayankhidwa amabwerera, poti wadziwa kuti pakhomopo palibe anthu. Ndikamuyankha chaka chiyambiranso, kapena sichiyambanso konse. Ndikapanda kumuyankha

Wanena kachitatu. Cholembera ndaika pa