Vidiyo Yako Inafika Yosalankhula

Chilomoni, Blantyre
14 Novembala 2012

Wokondedwa mlongo wanga Evelina,

Ndikhulupirira uli bwino ku Dublin kozizirako, pamodzi ndi alamu anga a Yohane ndi mwana wanu Madalo. Kuno tadzuka, BP ya amayi yatsikako. Chimene chadwala ndi mbiri yanga.

Ndi chisoni chachikulu ndikulengeza kuti DVD ya pabalaza, imene yatumikira banja lino mokhulupirika zaka zisanu ndi chimodzi, osanyinyirika ngakhale ndi makwaya a ku Nsanje ojambulidwa ndi dzanja lonjenjemera, inakana vidiyo yako.

Fulashi ya vidiyo ija unawapatsira a Alfred pochoka ku Dublin anabwera nayo bwinobwino. Ine ndikanayamba ndayiyesa ndekha, monga amachitira anthu opanda digiri. Koma amayi atangomva kuti mwana wawo ali m'kachitsulo kameneko, anaitana Mphakati wonse wa kutchalitchi. Lachinayi masana pabalaza panadzaza azimayi khumi ndi anayi, ena pamkeka, a Petronela, atcheya a Mphakatiwo, pampando wa malemu bambo.

Ndinalowetsa fulashi mwaulemu ngati ndikutumikira Misa. DVD inaganiza, kenako inalemba m'Chingerezi kuti fayilo yamtundu umenewu siyikuidziwa. Ndinayesa pa kompyuta yakale ija ndinailumikiza ku TV, mmene timasungira mafilimu onse apanyumba, imene amayi amaitcha nkhokwe. Nkhokwe nayo inakana. Ndinafotokoza kuti mavidiyo ali ndi mitundu ngati anthu, ndipo makina athu amangomva AVI. A Petronela anafunsa ngati vidiyoyo ndi ya mpingo wina.

Mawa lake ndinapita ku Ndirande kwa a Ramsey, amene amaika nyimbo m'ma CD pamsika. Anaitembenuza, n'kulumbira kuti tsopano ingaonetse ngakhale pa ayironi. Ndinawakhulupirira. Sindinayesenso. Ukuona kuti sukulu inandithera pati.

Mphakati unabweranso, nthawi ino ndi amuna awo. Chithunzi chinatuluka, nkhope yako mbee, Madalo pamiyendo. Anthu anaomba m'manja. Koma mawu, zii. Milomo yako ikungoyenda ngati nsomba m'beseni.

A Petronela anati munthu wa ku yunivesite sangalephere kuwerenga milomo ya mlongo wake. Ena anavomereza kuti ku mavidiyo sho anthu osafika n'komwe Fomu 2 amamasulira mafilimu a Chitchaina tsiku lililonse. Ndiye ndinaima pambali pa TV n'kuyamba ntchito.

Mlongo wanga, unalankhula bwino tsiku limenelo. Unapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, ngakhale a Agnes amene anasamukira kuno iwe utapita kale. Unati chimanga cha Azungu n'chosakoma. Madalo, wa chaka chimodzi ndi theka, anapereka moni m'Chisena chakuya, azimayi mpaka kululutira.

Kenako unayang'ana pansi, n'kupukuta misozi. Amayi anandigwira dzanja. "Akulira chiyani mwana wanga?"

Ndinati ukulira ndi chimwemwe, chifukwa ukubwera pa Khirisimasi.

Patatha masiku atatu ndinatsegula fayilo yako yoyambirira pa kompyuta ya kuofesi. Kumeneko inalankhula popanda vuto. Ndinamva zonse: kuti mapepala ako anatha, kuti ukatuluka m'dzikomo sadzakulolanso kulowa, kuti sukudziwa chaka chimene udzabwere, ndipo kuti wajambula vidiyo chifukwa pafoni mawu amenewa akukukanika.

Ndiye ngati wakhala ukudabwa kuti amayi alandira nkhaniyi mwamtendere chonchi, n'chifukwa sanailandire. Pafoni satchula za Disembala chifukwa ndinawauza kuti ukufuna kuwadzidzimutsa. Akusunga chinsinsi chimenechi iwo, Mphakati, ndi theka la Chilomoni.

Vidiyo ija amaonera tsiku lililonse akachoka ku Misa. Sandifunanso, mawu anga anawaloweza. Ukafika popukuta misozi amakuyankha okha kuti usalire, Disembala si kutali.

Fayilo ndinaikonza kalekale, tsopano ikumveka ngakhale pa DVD. Ili m'thumba la jekete langa sabata yachitatu. Akandifunsa ndimati makina sakugwirizanabe.

Chonde Evelina, imba Lamulungu tikachoka ku tchalitchi. Ine ndiyamba ndawauza bodza langa, iwe udzamalize ndi zoona zako. Ndidzakhala nawo pafupi, mankhwala a BP ali m'manja. Ngati ukufuna kundikalipira, uchite pa nambala yanga, ndiyenera.

Zaka zisanu amayi sanakuonepo ukulankhula. Tsiku limene ukanalankhula nawo, anamva ine. Loweruka lapitali anapaka laimu chipinda chako chija, ndipo ndowa ndinawagwirira ndine.

Undiperekere moni kwa alamu. Madalo umuuze kuti kuno amadziwika ngati katswiri wa Chisena, ayambe kuphunzira. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Ambrosi