Kabuku Kamene Ndinaviika ndi Chinangwa

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Musaseke zilembo zokhotakhotazi. Ndinachita kuziba, nditakhala kumbuyo kwa ana pa sukulu ya m'mudzi mwathu muno. Lero ndazipezera ntchito, chifukwa mtima wanga watentha.

Zabwino ziyambe. Mdzukulu wanu Nyachirwa wabereka mwana wamwamuna, mphuno ndi yanu yomwe ija. Usipa wagwidwa wambiri mpaka poyanika pasowa. Angoni chaka chino anabwerera ku Limphasa, sitinathawire m'linga. Mvuu zokha ndi zimene zatimalizira mbatata.

Tsono imvani. Mukumukumbukira mwana wanga Chimbano, amene Alungwana, ogula akapolo aja, anamumanga goli akuwedza? Munamulira mpaka mawu anakutherani. Tiyezge, khanda limene anasiya kumsana kwa amake lija, ndi mtsikana tsopano, ndipo akuwerenga osapunthwa. Mphunzitsi wake, mnyamata wa konkuno amene ndinkamupukuta mamina ndine, anamupatsa kabuku. M'menemo muli nthano ya mnyamata wogulitsidwa amene anakatumikira bwino kutsidya, kenako n'kubwerera kwawo pa chombo atasenza nsalu ndi mikanda.

Mwana anameza zonsezo. Anayamba kumasiya mtsuko pamchenga n'kumangoyang'ana panyanja. Ine ndinkati ndi ulesi, ndinkamukalipira. Tsiku lina chombo cha Alungwana chinakocheza kudzagula ufa. Amayi, ndinamupeza madzi ali m'chiuno, akulunjika kuchomboko, akufuula kuti, "Mwabwera nawo adada?" Mmodzi wa Alungwanawo anali atatambasula kale dzanja, mano onse pamtunda. Ndinamukoka tsitsi mpaka kumtunda.

Ndinapita kwa mphunzitsi chovala chikudontha madzi. Akuti, "Agogo, nthanoyi imaphunzitsa kupirira. Mabuku amasankha ndi anthu ophunzira." Ndinati, "Iwe, ophunzirawo anamuonapo mwana wawo ali m'goli? Chibadwire chako, ndani unamuona akutsika m'chombo ndi nsalu? Nditchulire mmodzi yekha, ndikuphere nkhuku." Makolo ena analipo, amuna a ndevu zawo, koma palibe amene anandiikira kumbuyo, kuopa kuti ana awo angachotsedwe sukulu. Zinandinyansa.

Pamenepo ndinakumbukira mawu anu aja, oti chinangwa chowawa sapatsa mwana chisanagone m'madzi. Ndinatenga kabukuko n'kukakaviika m'dziwe pamodzi ndi chinangwa changa, mwala pamwamba. Chinangwa chinatuluka chofewa, chokoma. Kabuku kanatuluka phala.

Kenako ndinamukhazika Tiyezge pa thanthwe limene atate ake anagwidwira, n'kumuuza zonse osabisa: zingwe, kulira kwanu, ndi kuti wokwera chombo chimenecho sabwerera. Analira, anandida, anakana chakudya. Dzulo anadya kondowole wake yense, ndipo chombo chitadutsa anabisala kumbuyo kwanga. Zandipweteka, Amayi. Koma ali pano, ndikumuona ndi maso.

Tsopano mphunzitsi akuti mwana asapondeko kusukulu mpaka ine ndikapepese. Amake akundichonderera, mwana naye akufuna zilembo zake, ndipo sindingamumane chinthu chimene ine ndachipeza imvi zili mbuu. Mawa ndipita. Ndikapepesa za mapepala, popeza sanali anga. Za bodza limene linali m'menemo akapepesa ndi iyeyo, pamaso pa ana, apo ayi ndikakhala pakhomopo mpaka dzuwa litandiwotcha. Mukundidziwa.

Ndikukulonjezani ichi: buku lililonse lolowa m'nyumba muno, Tiyezge azindiwerengera ine choyamba, ndikusenda chinangwa. Lokoma tidzadya tonse. Lowawa lidzaidziwa njira ya kudziwe.

Ngati Chimbano anafika kale kumeneko kwa mizimu, mumuuze kuti mwana wake sanakwere.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa pomwe munandisiyira paja,
Nyamphande