Mwendo Uno Ulibe Vuto

Lolemba, 6 Okutobala

Kalata yabwera. Andiitana ku timu ya dziko. Ineyo, wa zaka 31, tsitsi litayamba kale kuthawa pachipumi.

Ndaiwerenga katatu nditakhala pabenchi m'chipinda chosinthira, sokosi imodzi kuphazi, ina m'manja. Dzina langa lilipo, pagulu la osewera pakati. Kampu iyamba Lachisanu, masewero Lachiwiri la sabata yamawa. Papita zaka zisanu ndi chimodzi chindichotsereni. Tsiku lija ndinapatsira mdani mpira pakati penipeni pa bwalo, iye n'kukagoletsa, tonse n'kutuluka mumpikisano. Kuchokera pamenepo foni inangoti zii.

Chimphona, goloboyi wathu, anandinyamula ngati thumba la simenti n'kuzungulira nane chipinda chonse. "Injini yabwerera mumsewu!" Anzanga kuomba m'manja, ena kumenya malokala. Kochi yekha sanaseke. Anangoti, "Mawa udzere ku ofesi."

Kunyumba mayi a mwana analira, kenako n'kundikalipira kuti ndalowa ndi matope.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mu ofesi ndinapeza anthu atatu. Kochi, dokotala wa timu, ndi wapampando, atavala suti, akuseweretsa makiyi a galimoto pachala.

Nkhani yake ndi iyi. Masewero athu aja anaimitsidwa chifukwa cha mvula awaika Loweruka lino. Tili pafupi ndi kumchira kwa ligi, tikapitiriza kugonja tituluka. Lamulo sililola kalabu kukaniza wosewera amene dziko lamuitana, pokhapokha atavulala.

"Mwana wanga," anatero wapampando, "mnofu wa kuntchafu ukukuvuta, si choncho?"

"Ayi bwana, ndili bwinobwino."

"Ukukuvuta. Adokotala alemba kale. Iwe ungosaina apa."

Adokotalawo maso pansi ngati ataya singano pakapeti.

Ndinafunsa kuti ngati ndavulala, Loweruka ndidzasewera bwanji? Wapampando amvekere, "Udzachira Lachisanu madzulo. Madokotala athu ndi akatswiri." Anaseka okha.

Ndinakankhira pepalalo kwa iwo. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pakalabu ino. Ndinasewerapo chala chakuphazi chitathyoka. Tsiku lomwe mwana wanga amabadwa ine ndinali m'basi ya timu. Ndikavulala ndimanama kuti ndili bwino kuti ndisewere, lero ndili bwino ndiname kuti ndavulala? Sindinanene zonsezi. Ndinangoti, "Pepani bwana, sindisaina."

Makiyi aja anasiya kuzungulira. "Paja kontilakiti yako itha liti?"

"Disembala, bwana."

"Eya. Ndimangofuna ndikumbukire."

Lachitatu, 8 Okutobala

Andilanda ukaputeni. Kochi anachita kuitana timu yonse pakati pa bwalo, n'kupereka lamba kwa Mpanda, wotchinga kumbuyo uja. Mpanda analandira lambayo ngati wamupatsa khala lamoto. Ine anandiponyera bibu yachikasu, ya osewera apabenchi. Ndinaivala. Ndipo ndinawavutitsa a timu yoyambawo mpaka Kochi anaimitsa thireningi nthawi isanakwane.

Zimenezo sizinandipweteke. Chandipweteka ndi Chimphona. Anandipeza pampopi ndikutsuka nsapato.

"Aise, ukupitadi?"

"Ndikupita."

"Ukudziwa kuti pakati paja popanda iwe ndi msewu waukulu? Aliyense amangodutsa. Tikatuluka mu ligi theka la ife tili pamsewu. Ana anga adzadya jezi yako ya dzikoyo?"

Ndinati Lolemba lomweli unandinyamula ndiwe. Iye akuti Lolemba sankadziwa za Loweruka. Anamenya chidebe ndi phazi n'kumapita.

Sakunama. Ndicho chikundinyansa, sakunama. Koma amene anavomera kuti masewero aikidwe sabata ya timu ya dziko si ine. Amene anagulitsa osewera pakati awiri mu Julaye osagula wina si ine. Alakwitsa okha mu ofesi, ndiye akonzere pantchafu yanga? Ayi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndinadzera kwa ababa kukatenga nsapato zanga zakale, zomwe ndimazikhulupirira. Ndinawapeza pamalo awo osokera nsapato, ulusi kukamwa, magalasi kumphuno. Iwowa ndi sapota wa kalabu yathu ine ndisanabadwe, ndiye ndimaopa kuti anena chiyani.

Sanadzutse n'komwe mutu. "Akuti wavulala."

"Ndani?"

"Wailesi."

Ndiye ayamba kale kufalitsa.

Ababa anandiuza kuti ndiyende kukafika pamtengo wa magetsi n'kubwerera. Ndinayenda, anthu akuyang'ana, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Iwo n'kuti, "Wailesi yapenga." Anandipatsa nsapato atazisokanso kumphuno. "Pita. Koma ukakapatsiranso mdani usadzafike pano. Nthawi ija makasitomala ananditha, ndinkachita kusokera kuseri kwa nyumba. Ndipo umachedwa nawo mpira. Kugunda kawiri basi, osati kukhala nawo ngati wako."

Zaka makumi awiri akundiuza zomwezi.

Mayi a mwana alongedza chikwama. Ndinayamba kunena za Disembala, iwo anandidula. "Akakuchotsani tidzaona chochita, manja tili nawo. Koma mukanasaina bodza lija bwenzi mukugona ku ofesi ya wapampandoyo."

Lachisanu, 10 Okutobala

Kukampu. Ndisanaike n'komwe chikwama pansi anandiitana. Kochi wa dziko, bambo wamfupi wosakonda zolankhula, anali ndi dokotala wawo, pathebulo pali kalata. Yomwe ija. Chidindo cha kalabu, ndipo pamalo pa dzina langa munthu wina wakhwatchapo. Siginecha yonga ya nkhuku ikupalasa. Ngakhale kubera sanachite khama.

"Pakati pa inu ndi kalabu yanu wina akunama," anatero Kochiyo.

"Ndipatseni bwalo, Kochi."

Dzuwa lili paliwombo, anzanga ali kodya. Kuthamanga kuchokera kugolo kufika pakati, kakhumi. Kudumpha. Kutembenuka mwadzidzidzi. Dokotala anafinya ntchafu ngati akusankha nyama pabutchala. Pa ulendo wachisanu ndi chitatu mapapo amafuna kutuluka pakamwa, koma ndinalumbira kuti ndigwere kuchipinda, osati pamaso pawo. Ndinawonjezera wa khumi ndi chimodzi, wa mkwiyo.

Kochi wa dziko anapinda kalata ija n'kuika m'thumba. "Iyi ikupita kwa akuluakulu. Inu kasambeni. Koma sindinakulonjezeni kanthu, pamalo panu pali kale anthu awiri."

Ndikudziwa. Mmodzi wa iwo ndikumuposa ndi zaka khumi, amasewera kunja, ndipo amanditcha "amalume".

Loweruka, 11 Okutobala

Kalabu yagonja 2 kwa 0. Ndamvera pafoni nditakhala pabedi. Zigoli zonse ziwiri zadzera pakati.

Mauthenga 63. Ndawerenga anayi, ndazimitsa.

Lamulungu, 12 Okutobala

Mayi a mwana aimba mmawa. Wina walemba pageti ndi penti yofiira kuti WOGULITSA TIMU. Akuti mwana anafunsa kuti adadi agulitsa timu kwa ndani, nanga tsopano azikasewera kuti.

Ndinati ndikubwera.

"Mukabwera ndikutsekerani panja. Geti tapenta kale ndi mlamu wanu, ikuoneka bwino kuposa kale. Inu chitani zomwe mwapitira."

Ndinakhala m'bafa kwa kanthawi, madzi akungotuluka. Ndinamulembera Chimphona kuti pepa aise. Wawerenga, sanayankhe.

Sitinatulukebe mu ligi. Kwatsala masewero atatu. Ndikulemba "sitinatuluke" ngati ndikadali wa kumeneko. Ndine wa kumeneko, afune asafune.

Madzulo pathireningi ndinamulanda mpira wakunja uja kanayi. Kachinayiko anakhala pansi n'kuti, "Amalume, mwadya chiyani?"

Lolemba, 13 Okutobala

Atchula oyamba khumi ndi mmodzi. Mulibemo dzina langa. Chabwino. Benchi ndi pafupi ndi bwalo kuposa mpando wa kunyumba.

Lachitatu, 15 Okutobala

Dzulo sindinalembe, linali tsiku la masewero.

Nyimbo ya fuko itatha ndinakakhala pabenchi. Chigawo choyamba anatithira chimodzi. Pakati pathu pamangodutsika, mnyamata wakunja uja akuthamangira paliponse koma osapezeka pomwe akufunika. Mphindi ya 58 Kochi wa dziko anatembenuka n'kundiloza ndi chibwano. "Mukatseke pamenepo. Zokongola sindikuzifuna."

Mpira woyamba unandipeza pakati penipeni, adani awiri akubwera. Kuchokera kumasapota ndinamva bwinobwino munthu akukuwa, "Usapatsenso mdani iwe!" Zaka zonsezi akukumbukirabe, mwina analipira pageti kuti adzanene zimenezo. Mtima unkati bwezera kwa goloboyi, upulumuke. Ndinakana. Ndinaugunda kamodzi, kutembenuka, n'kuupititsa kutsogolo pakati pa awiriwo. Unafika.

Kuchokera apo miyendo inakumbukira yokha. Mphindi ya 77 nambala 10 wawo anafuna kundidutsa, ndinamulanda, kupatsira wakumapiko, iye kuponya mkati, mutu, golo! Sindinathamange nawo kokondwerera. Ndinangoima pomwepo manja m'chiuno, kupuma ngati ng'ombe. Kumapeto ndinalandira khadi yachikasu pogwetsa munthu yemwe amathawa yekha kupita kugolo. Ndikhoza kumugwetsanso lero.

1 kwa 1. M'nyuzi atchula wogoletsa ndi woponya uja. Ine ayi, ndipo zilibe kanthu, ntchito yathu ya pakati ndi yotero.

Potsanzikana lero Kochi wa dziko anandigwira dzanja. "Mwezi wamawa musazimitse foni."

Ababa atumiza uthenga kudzera kwa mlongo wanga. Akuti pa mphindi ya 83 ndinachedwa nawo mpira.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndabwerera kukalabu. Mlonda pageti anandilonjera monong'ona. Lokala yanga ndinaipeza yopanda kanthu, katundu ali m'katoni pakhonde. Dokotala atandiona anakhotera kuchimbudzi. Akuti akuluakulu a mpira aitana kalabu kuti ikafotokoze za kalata ija, ndiye wapampando wayaka moto.

Kochi anandiuza osandiyang'ana. "Lamulo lachokera kumwamba. Uzichita thireningi wekha, uko kukhoma. Osasakanikirana ndi timu."

"Mpaka liti?"

"Mpaka ukapepese."

"Ndipepese kuti sindinavulale?"

Anatembenuka n'kubwerera kwa timu. Ndinatenga mpira umodzi n'kupita kukhoma la kuseri kwa golo, komwe udzu sumera. Kumenya, khoma kubweza. Phazi lamanja, lamanzere. Timu ili mbali inayo, palibe woyang'ana kuno. Ndinaganiza kuti ngati n'kutero mpaka Disembala, khomali ligwa lisanandigwetse ine.

Patapita mphindi ngati makumi awiri ndinamva mapazi. Chimphona, akumanga magolovesi, nkhope ili gwa. Anadutsa osandipatsa moni n'kukaima pakati pa ine ndi khoma.

"Ndikadakwiyabe," anatero.

"Ndikudziwa."

"Loweruka anandiombera mipira 19. Khumi ndi isanu ndi inayi, aise! Ndinawerenga."

Kochi analiza wezulo. Chimphona sanatembenuke. Analizanso, motalika. Ndinaona Mpanda waima ndi mpira m'manja, akuyang'ana kwa Kochi, kenako kwa ife, kenako anayamba kuyenda kubwera kuno, awiri ena pambuyo pake.

Chimphona anawerama, n'kuomba magolovesi.

"Ukudikira chiyani? Menya."