Chigubu cha WD 1944

Lachitatu

Hudson 15:12
a Sufiyani chigubu mwandigulitsa chija ndachipukuta. ndi original. pali WD, chidindo cha asilikali a Britain, kamuvi pakati, 1944

Hudson 15:13
zogwirira zitatu, ndipo adadinda WATER. cha madzi ichi osati cha petulo. mu collection yanga ndinalibe

Sufiyani 15:40
ndinakuuzani. agogo anabwera nacho kunkhondo

Hudson 15:41
bambo anu avomera eti?

Sufiyani 15:58
akudwala, sadzuka. sangadziwe

Hudson 16:00
ok. mkati muli dzimbiri pang'ono, ndikonza

Lachisanu

Sufiyani 06:20
a Hudson muli ku Balaka?

Sufiyani 06:21
bambo atisiya mmawa uno

Sufiyani 06:34
yankhani plz

Hudson 08:05
pepani kwambiri achimwene. fon inali pa charge

Sufiyani 08:06
chigubu chija chibwere lero. mverani achemwali anga a Lukiya

Sufiyani 08:06
🎤 mawu otumizidwa 0:19
"Sufiyani, chigubu cha agogo chili kuti? Madzi osambitsa maliro pakhomo pano timatungira chimene chija, agogo, anganga, onse. Ababa ananena okha dzana kuti iwonso chomwecho. Tafunafuna nyumba yonse."

Sufiyani 08:08
tiika ikatha swala ya Ijumaa ku mzikiti. ine sindimadziwa kuti ananena

Hudson 08:15
eish

Hudson 08:16
dzulo ndinathiramo oyilo wa injini ndikuchikhutchumula. timatero kuti dzimbiri lisapitirire

Sufiyani 08:16
oyilo mu chigubu cha madzi?

Hudson 08:17
zanga sizithiridwanso madzi, zimangokhala pa shelefu. simunandiuze

Sufiyani 08:19
madzi onunkha oyilo shehe sangalole

Hudson 08:20
ndiyesa madzi otentha ndi sopo wa ufa. musadandaule

Hudson 09:47
ndatsuka kanayi. madzi akutulukabe ndi mafuta pamwamba

Hudson 09:48
ndinyamuke nacho choncho?

Sufiyani 09:50
bwerani nacho

Hudson 11:30
minibasi yaima pa Liwonde, akudikira idzaze. ndawauza ndi za maliro koma sakumva

Hudson 13:25
ndafika pa Ntaja. wa kabaza ndimuuze kuti?

Hudson 13:41
a Sufiyani

Sufiyani 14:52
taika kale. abale ndawauza zoona pamaso pa anthu, kuti chigubu ndinagulitsa. mayi sakundiyang'ana

Hudson 14:53
pepani. ine kubwerera nacho iyayi, sindingathe

Hudson 15:20
ndikadali pa siteji nacho. ndichisiye kwa ndani?